Nyumba ya Mapesi, Nyumba ya Katoni: Mbiri ya Masanje ku Neno

Mu Ogasiti 2024 mdzukulu wanga wa zaka 8 anabwera kudzatha tchuthi kwathu kuno ku Neno kuchokera ku Blantyre komwe amakhala ndi makolo ake. Anabwera ndi chidole chake cha pulasitiki, cha tsitsi lachikasu, chomwe mayi ake anamugulira pa kaunjika ku Limbe. Tsiku lachiwiri lomwe anayamba kundilirira kuti chidolecho chilibe pogona, ndipo anandionetsa pafoni ya amalume ake kanyumba ka zidole ka zipinda zinayi, kokhala ndi masitepe, bedi ndi bafa. Amalume akewo atanditchulira mtengo wake ndinangoti kukamwa yasa, pakuti ndalama imeneyo ikanagula thumba la chimanga n'kutsalako yolipirira kuchigayo.

"Usadandaule mkazi mnzanga," ndinatero pomunyengerera. "Mawa timanga yathu. Katoni ilipo, mapesi ali mbwee kumundaku."

"Aaa, agogo inu! Zimenezo ndiye zamasanje."

Mawu amenewa anandilasa, komatu mwanayu sanalakwe ayi. Anangobwereza zomwe amamva kwa ife akuluakulu. Timati ukwati si masanje, sukulu si masanje, kuyendetsa boma si masanje. Munthu akagwira ntchito mwa mphwayi timati wachita zamasanje. Chinenero chathu chinatenga sewero lomwe linalera amayi athu ndi agogo athu n'kulisandutsa dzina la chinthu chilichonse chopanda pake. Ine amene ndinaphikira nsima yanga yoyamba kumasanje, ndipo pambuyo pake ndinaphunzitsa ana m'boma lino kwa zaka zambiri, ndikuona kuti tinafulumira kunyoza. Tinyumba tomwe ana a ku Neno akhala akumanga m'mibadwo inayi yapitayi tikusimba mbiri ya dera lino momveka bwino ndithu, kwa yemwe angawerame n'kusuzumiramo.

Ndiyambe ndi masanje a m'nthawi yanga, m'zaka za m'ma 1960, kumapiri kuno m'dera la mfumu Dambe. Nyengo yake inali yodziwika. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, cha m'mwezi wa Juni kuzizira kutafika pachimake, akuluakulu ankatilola kulowa m'minda kukakunkha zotsalira. Tikasankha malo kuseri kwa mudzi, anyamata ankadula timitengo n'kuzika nsanamira, kumanga phaso ndi luzi, kenaka kuimika mapesi m'mbali monse. Denga linali la udzu kapena masamba ouma a nthochi. Atsikanafe ntchito yathu inali yozira pansi, kufuna mafuwa ndi kutola mapale a miphika yosweka kudzala. Nyumba iliyonse inkatha kulowa ana atatu kapena anayi atapinda mawondo. Pakutha pa masiku awiri kamudzi kankakhala kataima, ka nyumba zisanu kapena kuposerapo, kokhala ndi bwalo lake ndi nyakwawa yake.

Chakudya chake sichinali chongoyerekeza. Chimanga chokunkha chija tinkakonola ndi kusinja tokha, anyamata ankabwera ndi mbewa kapena ziwala, ife tinkathyola chisoso ndi bonongwe kudimba. Mchere wokha ndiwo tinkapempha kwa amayi, ndipo ankatipatsa wapachikhatho uku akutiwerengera masiku oti uthere. Madzulo mayi wamkulu mmodzi ankadutsa ngati akupita kwina, n'kutsina nsima ya nyumba iliyonse. Ikakhala yosapsa sankakukalipira, ankangoilavula pamaso pa anzako onse, basi mawa lake unkavundula mpaka mkono kuwawa. Mwana wosowa banja, kawirikawiri wamng'ono kwambiri kapena wovuta, ankaikidwa kukhala fisi. Ntchito yake inali kuzembera ndiwo ndi kuthamangitsidwa. Ena mwa afisi athu anadzakhala anthu olemekezeka, koma mpaka lero akakumana nafe pamaliro timayang'anana n'kumwetulira.

Chinthu chimodzi chomwe sitinkakanganirana n'chakuti nyumba ndi ya ndani. Ambiri a ife kuno timadzitcha Angoni, koma banja timamanga mwa chikamwini, ndipo masanje ankatsata lamulo lomwelo. Mnyamata ankamanga, mtsikana ndiye ankakhala mwini. Mukayambana, wonyamula kamkeka kake n'kutuluka anali iyeyo. Palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa zimenezi. Tinkangoona mmene amalume a m'nyumba yoyandikana nayo anachokera m'mudzi ndi bulangete lawo paphewa, mawa lake ife n'kukachita chimodzimodzi kuseri.

M'kati mwa nyumba ya mapesi ija munkakhalanso mudzi wina waung'ono zedi, ndipo umenewu ndiwo ukufanana kwambiri ndi zomwe mdzukulu wanga ankafuna. Mwana wa kumasanje anali chitsononkho chokulunga m'kasanza n'kuberekedwa kumbuyo. Wofuna mwana watsitsi ankayenera kudikira dzinja kuti akathyole chimanga chanthete cha ndevu zake, ndipo mlandu wa kuthyola chimanga chosakhwima unkathera pa chikwapu. Ana ena tinkaumba ndi dongo la kudambo, maso n'kuika timikanda. Anthu adongowa tinkawamangira tinyumba tawo tolingana ndi mphika wa ndiwo, kankhokwe koluka ndi udzu, ndiponso khola la timitengo momwe anyamata ankatsekeramo ng'ombe zawo zadongo, zamalinunda, nyanga zake za minga. Mzungu wina wofufuza za chikhalidwe, Margaret Read, yemwe anakhala pakati pa Angoni a dziko lino m'zaka za m'ma 1930, analemba za kaleredwe ndi masewera a ana a Chingoni m'buku lake la mu 1959 lotchedwa Children of Their Fathers. Koma zambiri zomwe ndikudziwa za masiku amenewo ndinazimva pamoto kwa agogo anga aakazi, omwe nkhondo ya Chilembwe ya mu 1915 inawapeza ali kamtsikana.

Iwo ankati m'nthawi yawo kanyumba kalikonse, ka mapesi kaya ka dongo, kanali kozungulira, kopanda zenera, chifukwa nyumba ina sankaidziwa. Chidole chinkavala tsamba kapena kachidutswa ka chiwondo, pakuti nsalu ya m'sitolo inali yosowa moti ngakhale chigamba sichinkatayidwa. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti kumasanje kwawo, kuwonjezera pa fisi, kunkakhalanso msilikali wa msonkho. Boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, poyamba masheleni atatu pachaka, ndipo olephera kulipira ankawatenthera nyumba kapena kuwagwirira akazi awo mpaka ndalama itapezeka. Tsono mnyamata mmodzi ankavala chikho kumutu ngati kapusi, n'kumayenda khomo ndi khomo kutolera timiyala. Wopanda timiyala ankamugwetsera nyumba. Agogo ankaseka posimba zimenezi mpaka misozi, koma ankamaliza n'kunena kuti nyumba ya amayi awo inapsadi, iwo akuona.

Zinthu za kunja zinayamba kulowera kumunsi, kumtsinje wa Shire. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anaphwasula sitima yawo ya Ilala kumunsi kwa mathithi, anthu mazanamazana n'kuisenza zidutswazidutswa mpaka ku Matope komwe anakailumikizanso. Kuchokera pamenepo Matope linakhala doko la katundu wopita kunyanja, ndipo amtengatenga a kampani ya Mandala ankatula pamenepo mitolo ya nsalu, mabokosi ndi zitini. Kumtunda kuno kusintha kunabwera ndi mishoni ziwiri. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo a Seventh Day Adventist anayamba ntchito pa Matandani mu 1908, pomwe pambuyo pake panadzakhala sukulu ya ntchito zamanja. Apa m'pomwe anthu a kuno anaona nyumba ya ngodya zinayi, ya njerwa zootcha, ya mazenera ndi chitseko cha matabwa choyendera mahinjesi.

Akuluakulu anatenga nthawi kuti asinthe kamangidwe, chifukwa njerwa zimafuna nkhuni, mmisiri ndi ndalama. Ana sanadikire. Mayi anga, omwe anakula m'zaka za m'ma 1930, ankati iwo ndi anzawo ankaumba kale tinyumba tangodya pamene mudzi wonse unali wa nyumba zozungulira. Chida chomwe chinathandiza kwambiri pantchitoyi chinali kabokosi ka machesi. Ukachotsa pansi pake kamasanduka chikombole. Umapondereza dothi la pachulu, kugogoda, njerwa yatuluka. Ife tinadzapeza luso limeneli lili lokhazikika, ndipo tinkayanika tinjerwa tathu m'mizere, ena mpaka kutiotcha m'phulusa lamoto kuti tifiire ngati ta kumishoni. Sindinaonepo mwana wa kuno akuphunzitsidwa kusemphanitsa njerwa kuti khoma lisang'ambike. Khoma likakugwera kawiri unkapita kukayang'anitsitsa la tchalitchi.

Kanyumba komwe mdzukulu wanga anaona pafoni nako kali ndi makolo ake, ndipo n'kofunika kuwadziwa kuti tione pomwe tikusiyana. Ku Ulaya tinyumba totere sitinayambe ngati zoseweretsa ana. Mumzinda wa Nuremberg ku Germany, mayi wina dzina lake Anna Köferlin anakonza kanyumba mu 1631 komwe anthu ankalipira kuti akaone, cholinga chake chili chophunzitsa achinyamata kasamalidwe ka pakhomo. Pamenepo tikufanana nawo, pakuti masanje nawo anali sukulu yomweyo. Koma ku Amsterdam mkazi wa munthu wina wamalonda, Petronella Oortman, anatha zaka zoposa 20 kuyambira cha m'ma 1686 akudzaza kanyumba kake ndi timbale tochokera ku China ndi timipando ta amisiri enieni, ndipo zimanenedwa kuti ndalama zomwe anawononga zikanagula nyumba yeniyeni mumzindamo. Kanyumbako kakusungidwabe ku Rijksmuseum. Ku England mmisiri wojambula mapulani a nyumba, Edwin Lutyens, anakonzera Mfumukazi Mary kanyumba komwe kanatha mu 1924, chilichonse chili chochepetsedwa ka 12, kokhala ndi magetsi oyaka ndi mipopi yotuluka madzi. Kanaonetsedwa chaka chomwecho pachionetsero cha maiko olamulidwa ndi Britain ku Wembley, pomwe Nyasaland nayo inali ndi malo ake oonetserapo zokolola zake. Chaka chimenecho agogo anga anali atangolowa m'banja, akusaka ndalama ya msonkho wa nyumba yawo ya udzu.

Eni tinyumba ta ku Ulayato ankaonetsa chuma chomwe anali nacho kale. Mwana wa ku Neno ankatola zomangira kudzala, pa zomwe banja lataya, koma mapulani ake ankachokera pa zomwe banjalo linkalakalaka. N'chifukwa chake ndikuti tinyumbati n'tofunika kwa wolemba mbiri. Ukayang'ana zomangira umadziwa katundu yemwe anali atafika m'mudzi chaka chimenecho. Ukayang'ana kamangidwe umadziwa zomwe anthu ankakambirana usiku asanagone.

Chitsanzo chomwe ndinachiona ndi maso anga ndi cha malata. M'mudzi mwathu nyumba zamalata zinalipo ziwiri zokha, ndipo zonse zinali za amuna omwe anapita ku Joni pa Wenela. Munthu akabwerako ndi sutikesi, njinga ndi wailesi, chotsatira chomwe mudzi unkayembekezera chinali kumva kulira kwa hamala padenga. Ife tinkatola zitini za mkaka ndi za nsomba zomwe mabanja amenewa ankataya, kuzidula ndi mpeni wakutha, kuziwongola ndi mwala, kenaka kuzipinda pamsomali kuti zikhale ndi mizere ngati malata enieni. Zala zathu zinali mabala okhaokha. Ku nyumba za mapesi nako kunabuka udindo watsopano: mnyamata ankatsanzika kuti akupita ku Joni, n'kukabisala kutchire kwa kanthawi, kenaka n'kubwera akuyenda monyang'wa, akuyankhula Chifanakalo chabodza, atanyamula mapepala a masiwiti ngati ndalama. Mtsikana yemwe mwamuna wake wa kumasanje wachedwa kubwera ankakhala pakhomo dzanja lili patsaya, monga ankachitira azakhali athu omwe amuna awo anasanduka matchona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Kulembako kunayambiranso mu 1977 n'kudzatheratu mu 1988. Azing'ono anga omaliza sanasewerepo za ku Joni.

Masanje omwe sindidzawaiwala ndinawaona ndili kale mphunzitsi kumunsi, cha ku Lisungwi. Kuyambira mu 1986 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anakhamukira m'dziko muno mwaunyinji, moti pofika mu 1992 anaposa 1 miliyoni. Dera lathu, lomwe nthawi imeneyo linali mbali ya boma la Mwanza, linalandira ambiri ochokera m'chigawo cha Tete, ndipo kunali misasa ku Chifunga ndi ku Luwani. Ambiri ankayankhula chinenero chathu chomwechi, ena anali abale athu enieni, choncho ana awo ndi athu sanachedwe kusakanikirana. Dzala nalo linasintha. Kunadzaza zitini zikuluzikulu za mafuta ophikira a chithandizo, matumba olembedwa zilembo zachilendo ndi zidutswa za malona.

Tsiku lina poweruka ndinaima kuonerera ana akusewera kuseri kwa sukulu. Tinyumba tawo anatindandalika m'mizere yowongoka ngati msasa, tofolera ndi mapepala a pulasitiki. Panalibe nkhokwe, panalibe khola. M'malo mwake anaimika kanyumba kamodzi kakakulu kogawira chakudya, zidole za zitsononkho zili pamzere, chilichonse ndi katsamba kake ngati khadi. Ndinafunsa kamtsikana kena kuti nanga bambo wa nyumba yake ali kuti.

"Kulibe abambo kuno, aphunzitsi," kanayankha kosadzutsa n'komwe mutu. "Anatsala."

Kuseri kwa kanyumba kake kanali katakumba kadzenje n'kuvindikira ndi tsamba. Nditafunsa ngati chinali chimbudzi, anzake onse anandiseka. Linali dzenje lobisalamo kukamveka mfuti. Ana athu a konkuno, omwe sanamvepo kulira kwa bomba, nawo anayamba kukumba timaenje kuseri kwa tinyumba tawo, poganiza kuti ndi mmene nyumba yabwino imakhalira. Mtendere unasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ndipo anthuwo anabwerera m'zaka zotsatira. Msasa wa Luwani unatsekedwa mu 2007, koma unatsegulidwanso mu 2016 pamene mabanja ena a ku Tete anathawanso zipolowe. Nditamva nkhaniyo pawailesi ndinakumbukira kamtsikana kaja, ndipo ndinadzifunsa ngati sikanali m'gulu la amayi omwe ankawolokanso malire, ulendo uno katabereka mwana weniweni.

Masanje aakulu aja, a kamudzi ka mapesi ndi nsima yeniyeni, anayamba kuzilala cha m'zaka za m'ma 1990. Anthu amakonda kuloza chala mavidiyo ndi mafoni, koma ine ndikuona kuti zifukwa zazikulu zinali pafupi ndi pakhomo. Choyamba chinali mantha. Tisabisane, kumasanje kunkachitikanso zina zomwe akuluakulu ankadziwa koma n'kumayang'ana kumbali, makamaka ana osinkhukirapo akalowerera. Edzi itayamba kututa anthu, makolo ndi mipingo sanafunenso kumva zoti mwana wawo ali ndi mwamuna kuseri kwa mudzi, ngakhale wongoyerekeza. Pamenepa sindingawadzudzule. Kenaka mu 1994 kunabwera maphunziro aulere a pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Atsikana omwe kale ankatsala pakhomo n'kumatsogolera masanje tsopano anali m'kalasi, ndipo ine monga mphunzitsi ndinakondwera nazo.

Koma chomwe chinamaliza zonse ndi kusowa kwa zotaya. Masanje amafuna mudzi wokhala ndi zotsalira. Njala ya mu 2002 itadutsa, palibe yemwe ankasiyanso chimanga m'munda kuti ana akakunkhe. Eni munda ankakunkha okha mpaka kambewu komaliza. Mitengo inapita ku makala omwe aliyense wodutsa pa Zalewa anawaonapo ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, choncho mapesi ndi zitsononkho zinasanduka nkhuni. Alangizi a zaulimi nawo anayamba kutiuza kuti mapesi tiziphimbira nthaka. Luzi linasowa, dambo la dongo linalimidwa. Mwana wa lero akazula mapesi m'munda mwa mwini angathe kubweretsa mlandu kwa amfumu.

Komabe ana sanasiye kumanga. Anangochepetsa nyumba n'kusintha dzala. Neno itakhala boma palokha mu 2003, ndiponso bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo litayamba ntchito kuno mu 2007 n'kuthandiza kumanga chipatala, ndinayamba kuona ana a paboma akudula makatoni a sopo n'kupanga mawodi, timabedi ta mabokosi a machesi tili m'mizere, ambulansi ya paketi ya Chibuku ili pakhomo. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala itadutsa m'boma lino, zitini za nsomba zinayamba kumangidwa pamzere ndi ulusi. Ndipo pali chinthu china chomwe chimandigwira mtima. Magetsi ambiri a dziko lino akhala akuchokera pa Shire m'malire mwathu momwemu, pa Nkula kuyambira mu 1966 ndi pa Tedzani kuyambira mu 1973, mawaya ake n'kumadutsa pamwamba pa midzi yogona mumdima. Ana a m'midzi imeneyi ndi omwe ndinawaona akulumikiza babu la tochi ku mabatire otayidwa kuti kanyumba ka katoni kawale, iwo eni akuwerengera pa koloboyi.

Galimoto ya mawaya ya anyamata inachita mwayi. Inalembedwa m'buku la ana lotchedwa Galimoto lomwe Karen Lynn Williams anatulutsa ku America mu 1990, ndipo alendo amaigula n'kupita nayo kwawo. Nyumba ya atsikana siinyamulika. Imamangidwa pansi, imadyedwa ndi chiswe, ndipo yathu ya mapesi tinkaitentha tokha nthawi yososa ikakwana. Mwina n'chifukwa chake inakhala yosavuta kuinyoza. Chondiseketsa n'chakuti nditatsala pang'ono kupuma pantchito anatiitanira kumaphunziro a njira yotchedwa TALULAR, yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, yomwe a ku Domasi ankalimbikitsa. Tinakhala masiku angapo, anthu a imvi zathu, tikuphunzira kupanga zinthu ndi zitsekerero za mabotolo ndi mabokosi a machesi, n'kulandirapo alawansi.

Tsono m'mawa mwake muja ine ndi mdzukulu wanga tinakhala pakhonde n'kuyamba ntchito. Katoni tinapempha kugolosale, ya sopo, yolimba bwino. Tinaigoneka cham'mbali kuti kukamwa kwake kukhale kutsogolo, n'kudula zivindikiro zake kuti zikhale makoma a zipinda. Zomatira tinaphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, monga tinkamatira mabuku ong'ambika kusukulu. Mkati mwa phesi muli chinthu chofewa chomwe chimabayika ndi kamtengo popanda msomali, ndipo khungu lake likasendedwa limapindika osathyoka. Ndi zimenezi ndinamupangira mipando, tebulo ndi bedi, manja anga akukumbukira okha zomwe mutu unaiwala. Makatani ndi zofunda zinachokera pa tizidutswa ta zitenje tomwe telala wa pamsika amasesera kunja. Zitsekerero za mabotolo zinakhala mbale, kachubu ka bolopeni kanakhala mpopi. Pa zonsezi sitinatulutse ngakhale tambala.

Mkangano unabuka pa mapulani. Ine ndinafuna kuika khonde ndi kankhokwe pambali.

"Nkhokwe ya chiyani, agogo? Akuba atibera. Chimanga chimakhala m'matumba, kuchipinda."

Ndinalibe poyankha, pakuti nanenso changa chili m'matumba kuchipinda. Anasoka timatumba tiwiri ta pepala la shuga n'kuthiramo mchenga. Kenaka analamula mpanda wozungulira nyumba yonse, wokhala ndi geti, ndipo pamwamba pake anabayapo timinga. Padenga anamatapo khadi lakale la mayunitsi kuti ndi sola, chifukwa magetsi amazimazima. Botolo la mankhwala analikweza pa timitengo tinayi kuti ndi thanki yamadzi. Nditamufunsa ngati kwawo ku Blantyre kuli mpanda, sola ndi thanki, anapukusa mutu. Amakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, mpopi ndi umodzi wa mabanja asanu.

Pofika masana ana a oyandikana nawo anali atadzaza pakhonde, aliyense ndi katoni yake, ndipo zakuti izi n'zamasanje zinali zitaiwalika. Ndinakhala chapatali ndikusankha nyemba, khutu lili komweko. Anagawana maudindo monga tinkachitira ife, mayi, bambo, ana. Ndinadikira kuti ndimve yemwe akhale fisi, koma dzina limenelo silinatchulidwe. Kamnyamata kotsalira anakapatsa kope lakutha ndi kapensulo, n'kukauza kuti ndi landilodi. Kankayenda katoni ndi katoni kutolera masamba a mango, ndipo mwini katoni wina atasowa masamba, kanamutulutsira timipando take panja. Ndinaleka kusankha nyemba, maganizo ali pa agogo anga ndi mnyamata wawo wa chikho kumutu.

Tsiku lobwerera, kanyumba kanakanika kukwera njinga yamoto ya kabaza yomwe inkakawatula kokwerera minibasi. Amalume ake anati kaphwanyika asanafike n'kutsetse komwe. Mwana analira pang'ono, kenaka anapukuta misozi, anatulutsa chidole chake n'kuchiika m'chikwama, kanyumbako n'kundipatsira m'manja.

"Agogo, muzikhalamo inuyo. Koma nyumbayi ndi yanga. Lendi muzilipira mwezi ukatha."

Ndinakaika pamwamba pa kabati. Makoswe anamva fungo la phala la chinangwa lija ndipo khoma la kuchipinda anadya sabata yomweyo. Ndamata lina, ulendo uno ndi ulimbo, ndipo masamba a mango ndikusunga m'chitini, limodzi pamwezi, kudikira tchuthi chikubwerachi.